Tisanamupatse Mfuti

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata, makolo ndi mafumu pa za kufufuza mbiri ya ofuna kulowa usilikali

 

Asilikali akalengeza kuti akulemba anthu ntchito, boma lonse limadziwa ngakhale wailesi itathera mabatire. Mumangoona anyamata ndi atsikana akuthamanga mumsewu tambala asanalire, ena akukwera phiri ndi kutsika, ena akunyamula zitsulo kuseri kwa nyumba. Tsiku likafika bwalo la pa boma limadzaza, aliyense atapanira envulopu ya khaki m'khwapa, muli satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika. Amayezedwa msinkhu, maso, chifuwa, magazi, kenako amathamangitsidwa mpaka ena kugwa. Zonsezi mumazidziwa ndipo mumazikonzekera. Koma alipo mayeso ena amene sachitikira pabwalo, ndipo akamachitika mwini wake sakhalapo. Anthu ena, kwina, amakhala pansi n'kumafunsa kuti munthuyu ndi ndani kwenikweni, wachokera kuti, anachitapo chiyani, ndipo tikamupatsa mfuti adzailoza kuti. Mayeso amenewo ndi amene ndabwera kudzakamba.

Kufufuza kotere si kwachilendo kwa ife. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, amalume savomera chifukwa choti wavala jekete. Amayamba afunsa kwawo, mfumu yake, mtundu wa makolo ake, ndipo mwakachetechete amatuma munthu kuti akamve zomwe oyandikana nawo amanena. Timatero chifukwa tikupereka mwana mmodzi. Nanga dziko likamapereka yunifolomu likupereka chiyani? Likupereka mfuti ndi zipolopolo, makiyi a mosungira zida, mphamvu yoimitsa galimoto pamsewu, njira yolowera m'malo amene ife wamba sitipondamo, ndipo kwa ena zinsinsi za boma. Likuperekanso moyo wa msilikali mnzake amene adzagone naye m'dzenje limodzi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu woipa ali kunja kwa mpanda mumatha kumukaniza pageti. Akalowa, n'kuphunzira kuombera pa ndalama za misonkho yanu, kumuchotsa kumafuna kuswa zambiri.

Funso loyamba limaoneka lopepuka: kodi ndiwe amene ukunena kuti ndiwe? Kwa zaka zambiri funso limeneli linali lovuta kuno kwathu, pakuti tinalibe chiphaso cha unzika. Kalembera wamkulu wa bungwe la NRB anachitika mu 2017, ndipo kuyambira pamenepo dzina la munthu linamangirizidwa ku nkhope yake ndi zidindo za zala zake. Chisanafike chaka chimenecho munthu ankatha kubadwa kawiri kapena katatu, malinga ndi ntchito imene yalengezedwa. Zaka zimafufuzidwa mbali zonse ziwiri: wamkulu amene wadzichepetsa, ndiponso mwana amene wadzikuza, popeza usilikali sufuna munthu wosakwana zaka 18. Satifiketi imatsimikizidwa ku MANEB. Zidindo za zala zimapita ku polisi kuti aone ngati unapezekapo wolakwa kukhoti. Izi ndi za mapepala, ndipo sindichedwapo.

Chovuta chili kuseri kwa mapepala. Wofufuza wodziwa ntchito yake safunafuna munthu woyera ngati mngelo, chifukwa akatero kampu ikhala yopanda anthu. Amafunafuna chingwe. Ndikutanthauza chilichonse chomwe chamangidwa pa munthu, chimene wina ali kunja angachikoke, msilikali n'kutsatira ngati mbuzi. Ngongole ndi chingwe. Chinsinsi chochititsa manyazi chomwe ukuopa kuti chingaululike ndi chingwe. Mowa wosadziletsa, chamba, juga, zonsezi ndi zingwe. Satifiketi yobwereka ndi chingwe chachitali kwambiri, chifukwa mwini wake adzakhala akuchigwira mpaka tsiku lopuma ntchito. Ku America ali ndi mitu 13 imene amaunikira munthu asanamulole kuona zinsinsi za boma: kukhulupirika ku dziko, maubale ndi maiko ena, milandu, mankhwala ozunguza bongo, umoyo wa m'maganizo, kagwiritsidwe ntchito ka kompyuta, ndi ina. Mwa yonseyo, umene umagwetsa anthu kawirikawiri si ukazitape kapena uchigawenga ayi. Ndi ndalama. Ngongole zosabwezedwa. Muganizire nokha za msilikali amene malipiro ake amathera kwa wakatapila tsiku lomwelo alandira, kapena amene wabetcha zonse pa mpira wa ku England. Munthu akamuyandikira n'kunena kuti ndigulitse zipolopolo khumi, kapena undiuze tsiku limene galimoto ya ndalama idutse, amakhala akulankhula ndi munthu womangidwa kale.

Ndikuuzeni za munthu mmodzi wa ku America, chifukwa nkhani yake ili ndi phunziro lomwe limatikhudza ngakhale tili kutali. Dzina lake Aaron Alexis. Mu 2004, mumzinda wa Seattle, anakwiya n'kuombera matayala a galimoto ya munthu wina ndi mfuti. Apolisi anamumanga, koma mlandu sunafike kukhoti. Mu 2007 analowa gulu la asilikali a pamadzi, ndipo pa fomu yofunsa ngati anamangidwapo sanatchule za ku Seattle. Ofufuza anazipeza ndithu kudzera m'zidindo za zala. Anamufunsa, iye n'kufotokoza mwa njira yake, ndipo lipoti lomwe linapita kwa opereka chilolezo linangonena kuti anaphwetsa matayala. Mawu oti mfuti sanalembedwemo. Mu 2008 anapatsidwa chilolezo choona zinsinsi, chogwira ntchito zaka khumi. Mu 2010 anaomberanso, ulendo uno chipolopolo chinaboola denga n'kulowa m'nyumba ya mayi wokhala pamwamba pake ku Fort Worth. Mu Ogasiti 2013 anauza apolisi a ku Newport kuti akumva mawu a anthu omutsatira. Pa 16 Sepitembala 2013 analowa m'malo a asilikali a pamadzi ku Washington, pogwiritsa ntchito chiphaso chake chovomerezeka, n'kupha anthu 12.

Onani bwino pamene panaduka ulusi. Palibe chomwe chinali chobisika. Wapolisi wa ku Seattle ankadziwa za mfuti. Mayi wa ku Fort Worth ankadziwa. Apolisi a ku Newport ankadziwa. Aliyense anali ndi kachidutswa kake, koma zidutswazo sizinakumane patebulo limodzi. Chimodzimodzi Jack Teixeira wa ku America komweko, mnyamata wa zaka 21 amene anamangidwa mu Epulo 2023 chifukwa chotulutsa zikalata zachinsinsi za nkhondo ya ku Ukraine kwa anzake ocheza nawo pa Discord. Ali kusekondale anaimitsidwapo sukulu chifukwa cha zoyankhula zake za mfuti ndi mabomba, ndipo apolisi a kwawo anamukaniza chilolezo chokhala ndi mfuti mu 2018. Chaka chotsatira analowa usilikali, pambuyo pake n'kupatsidwa chilolezo chapamwamba. Anagamulidwa zaka 15 mu Novembala 2024. Dziko lolemera, la makompyuta ochuluka, la fomu ya masamba opitirira zana limodzi, linalephera kumva zomwe mphunzitsi wamkulu ndi wapolisi wa m'tauni yaing'ono ankadziwa. N'chifukwa chake masiku ano iwo anasiya kudikira zaka zisanu kapena khumi kuti amufufuzenso munthu. Amamuunika mosalekeza nthawi yonse ali pantchito. Germany nayo kuyambira mu Julayi 2017 inayamba kufufuza aliyense wofuna usilikali asanagwire mfuti, poopa kuphunzitsa nkhondo anthu a maganizo oopsa.

Tsono wina anena kuti ngati Amereka akulephera, ife tingathe bwanji, ife amene mafayilo athu ena amadyedwa ndi chiswe? Yankho langa ndi lakuti tili ndi chinthu chimene iwo anataya kalekale. Kwathu kuno munthu amadziwika. Kaundula wathu wamkulu sali mu kompyuta, ali m'mitu ya anthu: mfumu, mphunzitsi wa Sitandade 8, mkulu wa mpingo, shehe, mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi sukulu. Funso ndi lakuti kaundula ameneyu timamuwerenga moona kapena ayi.

Maiko awiri anayesa njira imeneyi, ndipo zotsatira zake zinasiyana. Ku Afghanistan, pamene maiko a NATO ankamanga gulu lankhondo latsopano, wofuna kulowa ankayenera kubweretsa makalata awiri a akuluakulu a kwawo omuchitira umboni. Pa pepala inali nzeru yabwino. Koma anthu ankafunika ambiri ndiponso mwachangu, makalata ankasainidwa ndi anthu osamudziwa mwanayo, ena mwa mantha, ena atalandira kangachepe. Mu 2012 mokha asilikali a maiko akunja opitirira 60 anaphedwa ndi anthu ovala yunifolomu ya asilikali kapena apolisi a Afghanistan, anthu amene ankadya nawo ndi kuwaphunzitsa. Zinafika poti maphunziro a apolisi ena a m'midzi anaimitsidwa kaye kuti onse afufuzidwenso. Kalata ya mkulu wa m'mudzi inalipo, chidindo chinalipo, koma umboni munalibe.

Ku Liberia anachita mosiyana, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi kwathu kuno ku Africa. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 2003, dzikolo linali ndi vuto lomwe ife tithokoze Mulungu kuti sitinalionepo. Achinyamata ambiri anali atagwirapo mfuti m'magulu osiyanasiyana, ena anapha, ena anagwirira amayi, ena anatentha midzi. Mafayilo a polisi ndi a makhoti anali atapsa kapena kubedwa. Gulu lankhondo lakale linathetsedwa lonse, n'kuganiza zomanga latsopano la anthu pafupifupi 2,000, ndi thandizo la America, ndipo kulemba kunayamba mu 2006. Popanda mapepala akanafunsa ndani? Anafunsa anthu. Ofufuza ankapita kumudzi kwa wofunsira ntchitoyo, kusukulu yomwe wanena kuti anaphunzira, kwa oyandikana naye. Kuposa apo, ankajambula nkhope za ofunsirawo n'kuzimata m'malo opezeka anthu ambiri ndi kuzisindikiza m'nyuzipepala, pamodzi ndi njira yoti aliyense wodziwa kanthu anene popanda kudziulula. Mayi amene anaona mwamuna wake akuphedwa ankatha kuima patsogolo pa chithunzi n'kunena kuti uyu ndikumudziwa. Ofunsira ambiri anakanidwa. Ntchitoyo inali yochedwa ndiponso yodula, ndipo anthu ankadandaula za kuchedwako. Koma gulu lomwe linatuluka pamenepo linafika mpaka potumiza asilikali kukasungitsa mtendere ku Mali, pamene Liberia yomweyo zaka khumi m'mbuyomo inkasungidwa ndi asilikali a eni.

Kusiyana kwa Afghanistan ndi Liberia sikunali pa nzeru, pakuti onse ankadalira umboni wa anthu a kumudzi. Wina analandira kalata n'kuiika mufayilo. Wina ananyamuka n'kupita kukafunsa.

Mtengo wa kusafufuza ife Amalawi tinaulipirako ndi magazi, ngakhale cholakwacho sichinali chathu. Ku Congo, pofuna kugula mtendere, boma linkatenga magulu a zigawenga n'kuwalowetsa m'gulu lankhondo la dziko momwe alili, ndi atsogoleri awo omwe, popanda kusefa. Bosco Ntaganda anali akufunidwa ndi khoti la ICC kuyambira 2006 pa mlandu wolemba ana usilikali, komabe mu 2009 anali atavala yunifolomu ya boma ngati jenerali. Mu Epulo 2012 iye ndi anzake anagalukira boma, gulu la M23 linabadwa, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho linali litalanda mzinda wa Goma. Mu 2013 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera lokamenyana ndi zigawengazo, ndipo asilikali ake anachokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Ana athu ophunzitsidwa ku MAFCO ku Salima anapita kukazimitsa moto umene unayatsidwa ndi anthu omwe sanayenere kupatsidwa yunifolomu. Ntaganda anagamulidwa zaka 30 mu 2019, koma kum'mawa kwa Congo sikunazizirebe, ndipo M23 yomweyo inalandanso Goma mu Januwale 2025. M'nkhalango zomwezo, kufupi ndi Beni, mu Novembala 2018, Malawi inataya asilikali asanu ndi mmodzi pomenyana ndi gulu lina la zigawenga lotchedwa ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wapamwamba kwambiri wa osungitsa mtendere. Ndikamanena kuti msilikali amaika moyo wake m'manja mwa mnzake, ndikunena zimenezo. Mtanzania uja sanafunse kuti wabwera kudzandikokayu ndi wa chipani chanji kapena wa boma liti. Anangodalira kuti amene anamulemba ntchito anasankha bwino.

Dziwaninso kuti dzina la Malawi limayenda ndi msilikali aliyense wotumizidwa kunja. Kuyambira 2012 United Nations imafuna kuti dziko lotumiza asilikali litsimikize kuti anthu akewo sanaphwanyepo ufulu wa anthu. America nayo ili ndi lamulo lotchedwa Leahy, la 1997, loletsa kuthandiza kapena kuphunzitsa gulu la asilikali lomwe pali umboni woti linazunza anthu. Munthu mmodzi wolowa mwachinyengo akhoza kutsekera anzake mazana njira.

Tsopano ndilankhule mbali ina, chifukwa ndikaisiya ndikhala ndakunamizani. Sefa yomweyi ikagwidwa ndi dzanja loipa imasanduka chida. Mawu oti kufufuza mbiri akhoza kubisa mafunso ena: kwanu n'kuti, bambo ako amavala nsalu ya chipani chanji, dzina lakoli ndi la chigawo chiti. Akuluakulu muli pano mukukumbukira apayoniya. Gulu la Malawi Young Pioneers linali ndi mfuti, makampu ndi magalimoto, ndipo muyeso wake waukulu unali kukhulupirika ku chipani chimodzi ndi mtsogoleri mmodzi. Mukukumbukira zomwe zinkachitika pa geti la msika kwa munthu wopanda khadi. Zinatha mu Disembala 1993, apayoniya atapha asilikali a ku Moyale ku Mzuzu, pamene asilikali anawalanda zida m'dziko lonse pa ntchito yomwe inatchedwa Operation Bwezani, ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Nawonso aja ankasefedwa, koma sefa yake inkagwira chipani, osati khalidwe.

Yerekezani ndi zomwe tinaona pambuyo pake. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, panali anthu amene ankafuna kulambalala malamulo, koma asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo anaima ndi malamulo a dziko, ndipo Mayi Joyce Banda analumbira pa 7 Epulo. Mu 2019 ndi 2020, anthu akuchita zionetsero za chisankho, tinaona asilikali akuyenda m'mbali mwa khamu kuliteteza, zomwe anzathu a maiko ena ankadabwa nazo. Gulu lotere silimangidwa ndi anthu olowa pa kalata ya ndale. Msilikali amene analowa chifukwa cha bwana wina ali ndi chingwe ngati cha wangongole uja, ndipo tsiku lina bwanayo adzachikoka. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chiyankhulo kapena maganizo a ndale, ndipo wofufuza mbiri sali pamwamba pa gawo limenelo.

Ndiponso tisadzinamize za kaundula wa m'mitu uja amene ndamutamanda. M'mudzi muli chilungamo, koma mulinso kaduka. Muli mikangano ya malire a munda yomwe inayamba agogo athu ali moyo. Muli banja lomwe linanenedwa ufiti mu chaka cha njala ndipo mpaka lero ana ake amayenda ndi dzinalo. Wofufuza amene amva kwa munthu mmodzi n'kutseka kope wapha tsogolo la mwana wosalakwa. Mawu a munthu mmodzi ndi mphekesera. Ayenera kufunsa wachiwiri ndi wachitatu amene sadyera mbale imodzi ndi woyambayo, kenako amupatse mwini wake mpata woyankha. Ku Liberia komwe kuja, dandaulo lililonse linkayenera kutsatiridwa, silinkangogwetsa munthu lokha. Ndipo zomwe zasonkhanitsidwa zisungidwe ngati mankhwala oopsa. Mu 2015 akuba a pa intaneti analowa mu ofesi ya boma la America yosunga mafayilo amenewa n'kutenga mbiri za anthu 21.5 miliyoni, kuphatikizapo zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Zonse zomwe anthu anaulula mokhulupirika, ngongole zawo, matenda awo, maina a abale awo, zinagwera m'manja mwa eni. Boma likafuna kuti ndiziulula zingwe zanga, lisamale kuti lisazipereke lokha kwa wozikoka.

Ena mwa inu maso ali ku Britain, ndikudziwa. Ubale umenewo ndi wakale: agogo athu anamenya nkhondo ziwiri zikuluzikulu m'gulu la King's African Rifles, ndipo chipilala chawo chili ku Zomba. Mpaka lero alipo Amalawi m'gulu lankhondo la Britain. Mu Novembala 2018 dzikolo linachotsa lamulo loti nzika ya Commonwealth iyambe yakhala kumeneko zaka zisanu isanafunsire usilikali, ngakhale kuti khomo limeneli amalitsegula ndi kulitseka malinga ndi malo omwe alipo. Kumeneko kufufuza kuli ndi makwerero. Pansi pali kutsimikiza dzina, unzika, ntchito zakale ndi milandu. Pamwamba pake pali kufufuza kotchedwa CTC, kenako SC, ndipo pamwamba penipeni pali DV, pomwe amakhala nawe pansi maola angapo kukufunsa za ndalama, za zibwenzi, za mowa, za maulendo. Kawirikawiri CTC imafuna kuti ukhale utakhala m'dzikolo zaka zitatu, SC zisanu, DV khumi, chifukwa sangafufuze zaka zomwe sangazione. Choncho mwana wochokera ku Ntcheu asadabwe ntchito zina zikamutsekera poyamba. Sikuti amuyesa wakuba. Chomwe ndikuchenjezeni ndi madobadoba. Aliyense wokuuzani kuti mupereke ndalama kuti akulowetseni usilikali, wa kuno kapena wa ku Britain, ndi kamberembere. Akuluakulu a asilikali athu akhala akunena mobwerezabwereza kuti kulemba ntchito n'kwaulere. Makolo, musagulitse ng'ombe.

Ndili ndi nkhani ya pabanja pathu, ndipo maina ndiwasunga. Mwana wa mlongo wanga sanakhoze bwino Fomu 4, koma anali ndi thupi la usilikali, wamtali, wothamanga ngati gwape. Msuweni wake anakhoza, koma analibe chidwi ndi ntchito za yunifolomu. Akuluakulu ena pabanja anati vuto lili pati, onsewa ndi magazi amodzi, atenge pepala la mnzakeyo. Anabwera kwa ine kuti ndithandize kukonza makalata, ndipo ndinakana. Kwa chaka chathunthu mlongo wanga sanandilankhule, pamaliro tinkangopatsana moni wa m'maso. Ndinkamuuza mnyamatayo kuti ukalowa ndi dzina la mnzako, udzakwatira ndi dzina limenelo, ana ako adzalembedwa ndi dzina limenelo, ukadzafa ku Congo chipukuta misozi chidzasochera, ndipo tsiku lililonse msuweni wakoyo akadzafuna ndalama sudzatha kumukaniza. Anabwereza mayeso chaka chotsatira. Usilikali sanalowe, zaka zinamupitirira, ndipo lero amawotcherera zitsulo. Sindinena kuti zinamuyendera bwino kuposa mmene zikanakhalira, ayi, ndalama zake n'zochepa. Koma dzina lomwe lili pachikwangwani cha shopu yake ndi lake.

Kwa inu ana anga, mawu anga ndi ochepa. Mayeso a mbiri munayamba kulemba kale, ndipo mukulembabe. Foni ili m'thumba mwanuyo ndi mboni yosaiwala: zomwe mumalemba pa Facebook usiku mutakwiya, zithunzi mutanyamula zikwanje pa nthawi ya kampeni, chipongwe chonyoza mtundu wa anzanu m'magulu a WhatsApp. Wandale amene akukupatsani K5,000 kuti mukagende msonkhano wa mnzake sadzakhalapo tsiku lomwe zidindo za zala zanu zidzatuluke ku polisi. Ndipo ngati chilipo chomwe chinachitika kale, mukafunsidwa nenani. Ofufuza kulikonse amakhululuka zambiri zaubwana, koma bodza la pa fomu salikhululuka, chifukwa cholakwa chakale chimanena za mwana amene munali, pamene bodza likunena za munthu amene wakhala patsogolo pawo lero. Chinthu chomwe mwaulula nokha palibenso amene angakuopsezeni nacho.

Nditsirize ndi inu, a Gogo Chalo ndi mafumu anga, ndipo mundikhululukire ngati mwana walankhula mopitirira. Chidindo chanu chimatsegula zitseko zambiri m'dziko muno, ndipo boma limachikhulupirira chifukwa limati mfumu imadziwa anthu ake. Ndikudziwa kuti si chapafupi. Amene wabwera kudzapempha kalata ndi mdzukulu wanu, mayi ake mumapemphera nawo, ndipo ena amanong'oneza kuti mulembereni apite, mwina usilikali ukamuwongola, mudzi upume. Usilikali si ndende ya ana ovuta. Mnyamata amene anathyola sitolo kawiri, amene anamenya mkazi wake mpaka kuchipatala, mukamuchotsa m'mudzi ndi kalata yabwino simunathetse vuto, mwangolipatsa mfuti n'kulitumiza ku mudzi wa anzanu. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo dzina lomwe lili pansi pa kalatayo ndi lanu. Komanso mwana wa banja lomwe munakangana nalo za dimba, ngati ndi wakhalidwe, mulembereni zoona zake ngakhale mtima ukuwawa. Wofufuza akafika pakhomo panu, mupatseni mpando, muitane ndi ena amve, munene zomwe munaona ndi maso anu, ndipo zomwe munangomva munene kuti munangomva. Amene simukumudziwa, musamudindire.